Wailesi ya Kanema Yabwino Ndi Imene Ikuyenera Nyumba Yake

Chaka chilichonse, msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza nazo zikagulitsidwa, pamsewu wa M1 pamaoneka katundu amene kale sankadziwika. M'maminibasi ochokera ku Lilongwe opita ku Mponela ndi ku Madisi mumakhala makatoni aatali, opyapyala, ogwiridwa mosamala ngati khanda. Ena amatsitsidwa panjira ndi kukwezedwa panjinga zamoto zopita kuboma la Dowa, ku Mvera, ku Malomo, kapena kumidzi ya m'munsi mwa phiri la Ntchisi. M'makatoniwo muli mawailesi a kanema atsopano. Palibe munthu wokonda dziko lake amene angadandaule poona zimenezi, pakuti ndi umboni wakuti thukuta la mlimi ndi la wogwira ntchito m'boma likubala zipatso.

Komabe nkoyenera kunena poyera kuti ambiri mwa makatoniwa amalowetsa chisoni m'nyumba. Nkhani yotere si yachilendo m'maboma awiriwa: mphunzitsi atenga ngongole, agula kanema wamkulu wa mainchi 55 chifukwa pakatoni palembedwa zilembo zambiri, afika naye kunyumba kumene magetsi ake ndi a sola, ndipo pasanathe maola owerengeka batire yatheratu. Mawa lake apeza kuti chithunzi chimene chinkawala m'sitolo chasanduka chambuu. Ngongoleyo aibweza miyezi yambiri, pamene kanemayo wafunditsidwa nsalu pakona. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kusadziwa kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Wailesi ya mawu ya MBC inayamba chaka cha 1964, ndipo nkovuta kupeza munthu wa ku Dowa amene anganamizidwe pogula wailesi yotere. Koma kwa zaka zonse za ulamuliro wa Dr. H. Kamuzu Banda dziko lino linalibe nyumba youlutsira kanema. Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999, ndipo ngakhale pamenepo kanema anali wa m'mizinda. Kumidzi yambiri ya m'mapiri muno, banja limene likugula kanema lero ndilo loyamba pamtundu wawo wonse kutero. Palibe gogo kapena malume woti nkumufunsa. Nchifukwa chake wogulitsa wa pakamwa pozuna amapeza mpata.

Mfundo yaikulu ndi imodzi. Kanema wabwino si amene ali wamkulu koposa, kapena wa dzina lalitali koposa, koma amene akugwirizana ndi magetsi a panyumbapo, mafunde amene amafika pamudzipo, ndi chipinda chimene adzaikidwemo. Kuti munthu ayeze zinthu zitatuzi ayenera kuyamba wadziwa tanthauzo la maina amene amva m'sitolo.

Maina a magalasi

Kanema wakale, wa chimsana chachikulu kumbuyo, ankatchedwa CRT. Anali wolemera ndiponso wolimba, ndipo amisiri a m'misika ankamudziwa bwino. Mafakitale akuluakulu analeka kalekale kumupanga.

Dzina limene lazika mizu pakati pa anthu ndi lakuti pulazima. Kanema aliyense wopyapyala amatchedwa choncho, koma kunena zoona pulazima unali mtundu umodzi wokha, umene m'galasi mwake munali timaselo tambirimbiri ta mpweya woyaka ndi magetsi. Chithunzi chake chinali chokongola, koma ankatentha ndipo ankadya magetsi ambiri. Makampani a Panasonic, Samsung ndi LG onse analeka kupanga mawailesi a mtunduwu chaka cha 2014. Choncho wogulitsa akanena kuti ali ndi pulazima yatsopano, pali zinthu ziwiri: mwina akungotchula monga atchulira anthu onse, kapena akugulitsa katundu amene wagwira kale ntchito zaka zoposa khumi kunja kwa dziko lino. Wogula afunse kuti mwa ziwirizi choona nchiti.

Pafupifupi mawailesi onse atsopano a m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Mponela ndi a mtundu wa LCD. Galasi la LCD silitulutsa kuwala palokha. Kumbuyo kwake kuli nyali, ndipo timadontho ta m'galasilo timatseguka kapena kutsekeka monga mazenera, kulola kuwala kudutsa kapena kukutchinga. Poyamba nyalizo zinali timachubu, koma pambuyo pake anayamba kuikamo timababu ting'onoting'ono ta LED, tosadya magetsi ambiri. Pamenepa mpamene panachokera dzina lakuti kanema wa LED. Munthu asanamizidwe kuti LED ndi LCD ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu: galasi ndi lomwelo, chasintha ndi nyali ya kumbuyo.

Nalonso dzina lakuti QLED, limene kampani ya Samsung inalitchukitsa kuyambira chaka cha 2017, likunena za LCD yemweyo, koma woonjezeredwa nsalu yopyapyala ya timiyala tosaoneka ndi maso timene timakometsa mitundu ndi kuonjezera kuwala. Ndi katundu wabwino, koma si chozizwa.

Chosiyana kwenikweni ndi OLED, amene kampani ya LG inayamba kugulitsa wa mainchi 55 chaka cha 2013. Mu OLED mulibe nyali ya kumbuyo. Kadontho kalikonse kamayaka pakokha ndipo kamazima pakokha, kotero kuti pamene payenera kuda pamadadi bii. M'chipinda cha mdima palibe wina womuposa. Koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndiponso ali ndi chilema chake: chizindikiro chimene chikhala malo amodzi maola ambiri tsiku ndi tsiku, monga dzina la nyumba youlutsira kapena zigoli za mpira pakona, chikhoza kusiya chipsera chosafufutika. Mwini nyumba yogona alendo kapena malo oonetsera mpira, amene kanema wake sazima kuyambira m'mawa mpaka usiku, aganize kawiri. Aliyense azindikirenso kuti QLED ndi OLED zasiyana chilembo chimodzi chokha polemba, koma m'kati ndi zinthu zosiyana.

Chiwerengero cha timadontho

Chithunzi cha pakanema chimapangidwa ndi timadontho, monga momwe mphasa ipangidwira ndi mizere ya bango. Chithunzi cha mtundu wakale chili ndi timadontho 720 m'litali ndi 576 m'lifupi. Chimene chimatchedwa HD chili ndi 1,280 ndi 720. Cha Full HD chili ndi 1,920 ndi 1,080, ndiko kuti timadontho toposa mamiliyoni awiri. Cha 4K chili ndi 3,840 ndi 2,160, timadontho toposa mamiliyoni asanu ndi atatu.

Wogulitsa amatchula manambala amenewa monyadira, koma pali chimene sanena. Kanema salenga chithunzi. Amangoonetsa chimene walandira. Chimene munthu amaona m'sitolo nchojambulidwa mwapadera ndi kampani yopanga kanemayo: maluwa, mbalame, mathithi a madzi. Kunyumba, mapologalamu ambiri odzera padikoda wamba amafika ndi chithunzi cha mtundu wakale uja. Galasi la 4K lili ndi timadontho tochuluka kamakumi awiri kuposa chithunzi chotero, choncho kanemayo amachitanula kuti chidzaze galasi lonse. Zili ngati kuthira kapu imodzi ya thobwa m'ndowa ndi kudzaza ndowayo ndi madzi: ndowa yadzaza, koma thobwa silinachuluke. Galasi likakula, kusungunukako kumaonekeranso kwambiri.

Diso la munthu nalo lili ndi malire ake. Munthu wokhala mamita atatu kuchokera pakanema wa mainchi 43 sangathe kusiyanitsa 4K ndi Full HD, ngakhale maso ake akhale akuthwa. Ndalama yoonjezerayo walipirira chinthu chimene diso lake silidzachiona.

Funso loyamba: magetsi

Kalembera wa chaka cha 2018 anaonetsa kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira ndi magetsi a pamawaya, ndipo zambiri mwa izo zinali m'mizinda. Ntchito yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP yalumikiza misika ndi zipatala zambiri, komabe mabanja ochuluka a kwa Chiwere, kwa Msakambewa, kwa Kasakula ndi kwa Nthondo amadalira dzuwa ndi batire. Kwa banja lotere, nambala yofunika koposa siili kutsogolo kwa katoni, koma pakapepala komatidwa kumbuyo kwa kanema, pamene palembedwa mawati.

Kanema wa LED wa mainchi 32 amadya mawati pafupifupi 40. Wa mainchi 55 akhoza kudya pafupifupi 100. Pulazima yakale ya mainchi 42 inkafika 200, nthawi zina kuposa. Batire wamba ya mavoti 12 yolembedwa 100Ah siyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mwini wake afuna kuti ikhalitse. Ndi theka limenelo, kanema wa mawati 40 angayake maola ngati 15, wa mawati 100 maola 6, pulazima maola 3 okha, ndipo apa sipanawerengedwe mababu, mafoni, dikoda ndi mphamvu imene imatayika muinveta. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mitambo imaphimba mapiri a Ntchisi masiku angapo motsatizana, ndiponso m'nyengo ya chiperoni, batire sidzaza nkomwe. Alipo mawailesi opangidwa kuti ayake molunjika ndi mavoti 12 popanda inveta, ndipo nyumba ya sola iyenera kuyamba yafunsa amenewo.

Amene ali ndi magetsi a ESCOM nawo awerengere. Yuniti imodzi imayatsa kanema wa mawati 40 kwa maola 25, koma wa mawati 200 kwa maola 5 okha. Akumbukirenso kuti magetsi ambiri a dziko lino amachokera pamtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Pa 25 Januwale 2022 timu ya Flames inasewera ndi Morocco ku Yaoundé, ndipo Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli chimene dziko lonse la Africa linachikamba. M'sabata yomweyo namondwe wa Ana anali atawononga Kapichira, kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo madera ambiri anali mumdima. Usiku wotero, kanema wamng'ono wa pabatire amaposa wamkulu wodikira magetsi.

Ngozi ina ili pobwera magetsi akazima, pakuti nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira muyeso. Kachipangizo koteteza kanema ku ngozi yotere mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kanemayo, ndipo kayenera kugulidwa tsiku lomwelo. Kumapiri kuno mphenzi nazo sizisowa m'dzinja. Mlongoti wa kanema woimikidwa pamwamba pa denga, panyumba ya pachitunda, ndi njira imene mphenzi ingadzere. Kukayamba kugunda, chingwe cha magetsi ndi cha mlongoti zonse zizulidwe. Kungozimitsa ndi rimoti sikokwanira.

Funso lachiwiri: mafunde

Pamsonkhano wa ku Geneva wa chaka cha 2006, maiko a chigawo chino cha dziko lapansi anagwirizana zosiya kaulutsidwe kakale ndi kuyamba ka dijito pofika pa 17 Juni 2015. Kuno ntchito yofalitsa mafunde a dijito inapatsidwa kwa bungwe la Malawi Digital Broadcast Network Limited, limene madikoda ake amadziwika ndi dzina lakuti Kiliye Kiliye, ndipo njira imene inasankhidwa ndi ya DVB-T2. Wogula ayang'ane zilembo zimenezi pakatoni, makamaka ngati kanemayo ndi wakaunjika, pakuti wopangidwira dziko lina akhoza kukhala wosamva mafunde a kuno.

Mafunde a kanema amayenda molunjika ndipo phiri limawatchinga. Mudzi wa pamtunda ukhoza kulandira bwino lomwe, pamene mudzi wa kuseri kwa phiri lomwelo, mtunda woyenda theka la ola, sulandira kanthu. Kale mafunde akafooka chithunzi chinkachita ngati mchenga, komabe munthu ankatha kuzindikira nkhope. Dijito ilibe chifundo chotero: chithunzi chimakhala changwiro, kapena chimaduka m'timabokosi ndi kuzimiririka. Choncho asanakwere minibasi ya ku Lilongwe, munthu apite kwa mnansi wake amene ali kale ndi kanema, aone chimene chimafika, afunse kumene mlongoti unaloza ndi kutalika kwake. Ngati sipafika kanthu, njira ndi dishi ya satelaiti, ndipo pamenepo awerengere mtengo wa dishiyo, wa mmisiri woimangirira, ndi ndalama za mwezi ndi mwezi ngati zilipo. Walira mvula walira matope.

Chimodzimodzi kanema wotchedwa Smart TV, amene amalumikizidwa ku intaneti. Kuonera filimu ya HD painitaneti kungathe ma GB atatu pa ola limodzi, ndipo ya 4K pafupifupi asanu ndi awiri. Aliyense amene amagula bando ya foni akudziwa tanthauzo la manambala amenewa pamalipiro a mwezi. Kumene netiweki imapezeka pokhapokha munthu atakwera pachulu, nzeru za kanemayo zidzangogona.

Funso lachitatu: chipinda

Mainchi a kanema amayesedwa chopingasa, kuchokera pakona ya m'munsi kufika pakona ya m'mwamba ya mbali inayo. Wa mainchi 32 ndi masentimita 81. M'chipinda chochezera cha nyumba zambiri za aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi azaumoyo, mmene mpando ndi khoma zatalikirana mamita awiri kapena atatu, kanema wa mainchi 32 mpaka 43 ngokwanira.

Palinso chinthu china chimene mlendo sangachiganizire. Kuno kanema saonera munthu mmodzi. Tsiku la mpira kapena la nkhani yaikulu, ana amakhala pamphasa, amayi chakukhomo, anansi m'mbali mwa khoma. Magalasi ena a LCD, otchedwa VA, amaonetsa bwino kwa wokhala pakati penipeni, koma mitundu imafwifwa kwa wokhala chakumbali. Ena, otchedwa IPS, amasunga mitundu ngakhale kwa wa pambali, ngakhale kuti kuda kwake sikufika pa VA. Sikofunika kuloweza mainawa. Wogula angoima kutsogolo kwa kanemayo m'sitolo, kenaka asunthire kumbali ndi kunjuta pansi, aone ngati nkhope za anthu zikusintha mtundu.

Mawu nawo ayesedwe. Kanema wopyapyala alibe malo a masipika aakulu, ndipo m'nyumba ya malata mvula ikamagwa mawu ofooka samveka. Fumbi la m'chilimwe ndi utsi wa kukhitchini zimatseka timabowo topumira ta kumbuyo, kotero kanema aikidwe pamalo popita mphepo, kutali ndi moto, ndiponso posayang'anizana ndi zenera.

Pamalo ogulira

Mawailesi a kanema amalowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja. Pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu yense wotere inakwera. Mitengo ikakwera, katundu wachinyengo amachuluka. Dzina la kampani yotchuka likhoza kumatidwa pakanema aliyense, ndipo zilembo za 4K zikhoza kusindikizidwa pakatoni iliyonse.

Wogula wanzeru amapempha kuti kanemayo atulutsidwe m'katoni ndi kuyatsidwa iye akuona. Amayerekeza nambala ya pakatoni ndi ya kumbuyo kwa kanema. Amapempha kuti amuonetse pologalamu wamba ya kuno, osati maluwa a m'sitolo. Amayang'ana galasi likakhala loyera ndiponso likakhala lakuda, kuti aone ngati pali timadontho takufa kapena mizere. Amawerenga malo olumikizira zingwe za HDMI ndi USB. Amafunsa kumene angapite kanemayo akawonongeka, pakuti nyali za kumbuyo ndi mbali yolandira magetsi amisiri amatha kukonza, koma galasi likasweka mtengo wake umayandikira wa kanema watsopano. Potsiriza salola kutuluka popanda lisiti lolembedwa dzina la sitolo, tsiku, nambala ya katunduyo ndi nthawi ya chitsimikizo. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma wodandaula wopanda lisiti ali ngati mlenje wopita kuuzimba chimanjamanja. Safunsa anadya phula.

Udindo wa otsogolera

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito m'boma, chifukwa iwo ndiwo kalilole wa mudzi. Chimene wagula mphunzitsi wamkulu chaka chino, mlimi wa fodya adzachifuna chaka chamawa. Ngati mkuluyo wagula mwanzeru, ndipo afotokozera anzake za mawati, za mafunde ndi za lisiti, wapulumutsa ndalama za mabanja khumi. Ngati wagula mopikisana ndi mnzake wa kuofesi, waphunzitsa mudzi wonse kupikisana. Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka, ndipo ndi yomweyo imene iyenera kugula feteleza, kulipira sukulu ndi kusunga banja m'miyezi ya njala. Kusiyana kwa mtengo wa kanema wa mainchi 32 ndi wa mainchi 55 ndi matumba a feteleza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chimodzimodzi pamene komiti ya sukulu, ya chipatala kapena ya chitukuko cha m'mudzi igula kanema ndi ndalama za anthu. Pamenepo mafunso atatu aja ayenera kulembedwa m'buku la msonkhano ndi kuyankhidwa ndalama isanatuluke, ndipo lisiti lisungidwe pamalo podziwika kwa onse.

Palibe choipa m'kufuna zinthu zabwino. Amene nyumba yake ili ndi magetsi odalirika, dikoda yotumiza chithunzi cha HD, chipinda chachikulu ndi thumba losadalira katapila, agule QLED kapena OLED ndipo asangalale naye. Koma kwa mabanja ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kanema wa LED wa mainchi 32 kapena 43, wa HD kapena Full HD, wosadya magetsi ambiri, wogulidwa ndi lisiti m'sitolo yodziwika, adzaonetsa nkhani, mpira ndi maphunziro a zaulimi kwa zaka zambiri. Ndalama yotsalayo igule batire yabwino, choteteza magetsi ndi mlongoti wolimba. Nyumba imene yachita zimenezi idzakhala ikuonera usiku umene kanema wamkulu wa kutsidya ali chete pansi pa nsalu yake.